Nyimbo ya pa Mgonero: Za Kuimba kwa Cilatini ku Kasisi

Munthu akacoka mu mzinda wa Lusaka natsata mseu waukulu wopita kum'mawa, napatukira kumanzere pa njira ya ku bwalo la ndege, sayenda nthawi yaitali asanafike pa mishoni ya Kasisi, m'boma la Chongwe. Malowa ndi akale m'mbiri ya Akatolika a dziko lino. Anawayamba ndi Bambo Jules Torrend, wansembe wa cipani ca Ajezuiti wobadwira ku France, m'caka ca 1905, caka comweco cimene njanji inafika pa Lusaka. Pambuyo pace panadza Ajezuiti a ku Poland, ndipo mu 1928 anafikanso masisitere a ku Poland komweko, amene analera ana amasiye pamalopo. Kwa zaka pafupifupi 60 Misa ya pa Kasisi, monga Misa ya pa mishoni iriyonse, inali kucitika m'Cilatini. Ana a Asoli ndi a Alenje, amene kwao anali kuimba nyimbo za pamtondo ndi za kudambo, anaphunzira kuchula mau a ku Roma ndi kuwaimba m'maimbidwe akale amene achedwa dzina la Papa Gregory.

Lero maimbidwe amenewo samveka kawirikawiri m'machalichi a kumidzi. Pa nthawi yolandira Ukaristia kwaya iimba m'Cinyanja, m'Cibemba kapena m'Cingerezi, ng'oma ziri kulira. Koma nkhani yace sinathe. Alipo okalamba amene anena kuti ulemu unapita pamodzi ndi Cilatini, ndi kuti masiku ano anthu apita ku guwa monga ngati apita kukabvina. Aliponso acinyamata amene ayesa nyimbo zakalezo goli la atsamunda, limene linayenera kuthyoka. Anyamata ndi atsikana amene atsiriza sukulu ndiwo alowa m'makwaya, ndiwo apeka nyimbo zatsopano, ndipo posacedwa ndiwo adzasankha zimene mpingo wonse udzaimba. Cifukwa cace nkoyenera kuti mlanduwu auzenge mofatsa, atamva mbali zonse ziwiri, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.

Coyamba nkulekanitsa zinthu ziwiri zimene anthu azisokoneza. Okalamba akamakumbukira nyimbo za Cilatini za pa Ukaristia, kawirikawiri akumbukira nyimbo zopembedza Sakramenti, monga Tantum ergo, imene ndi ndime ziwiri zotsiriza za nyimbo imene Thomas Aquinas anapekera cikondwerero ca Thupi la Ambuye, cimene Papa Urban IV anacikhazikitsa mu 1264. Nyimbo zotere ziri ndi ndime zofanana, ndipo munthu akadziwa ndime imodzi wadziwa maimbidwe a zonse. Koma nyimbo yeniyeni ya pa Mgonero, imene mabuku a Misa aicha Communio, ndi ina. Iyo ndi yaifupi, mau ace ambiri acokera m'Malembo Oyera, ndipo Lamulungu lirilonse ndi tsiku lirilonse lalikulu liri ndi yaceyace. Ziripo zoposa 100. M'mamishoni ambiri nyimbo imeneyi inali kuimbidwa ndi anthu owerengeka, kapena wansembe anali kungoiwerenga yekha pa guwa. Tsono ambiri amene aitama, ndi ambiri amene ainyoza, sanaimve konse monga anaipekera eni ace.

Mwambo woimba pamene anthu ali kulandira ndi wakale ndithu. M'zaka za m'ma 300 Akristu a ku Yerusalemu anali kuimba Salimo 34 pa nthawi imeneyi, cifukwa ca ndime yace ija imene iitana anthu kulawa ubwino wa Ambuye. Ku Africa kuno mwambowu unafikanso msanga. Augustine, episkopi wa ku Hippo, m'dziko limene lero lichedwa Algeria, amene anamwalira mu 430, anasimba kuti pamene Akristu a ku Carthage anayamba kuimba Masalimo pa guwa ndi pogawa Ukaristia, munthu wina dzina lace Hilarus anatsutsa kolimba, ndipo Augustine analemba buku lomuyankha. Apa pali phunziro kwa onse okonda zakale: cimene lero cioneka ca makolo, tsiku lina cinali cacilendo, ndipo cinali ndi adani ace.

Papa Gregory analamulira Eklezia kuyambira 590 kufikira 604, ndipo ngakhale maimbidwewa atenga dzina lace, akatswiri a mbiri apeza kuti nyimbo zimene ziri m'mabuku lero zinaumbika pambuyo pace, m'zaka za m'ma 700, pamene mafumu Pepin ndi Charlemagne anaitanitsa maimbidwe a ku Roma kuti alowe m'dziko lao la Afranki. Oimba a kumeneko anawalandira ndi makutu ao, nawasintha monga mwa lilime lao. Kwa nthawi yaitali nyimbo zonsezi anazisunga pamtima, monga momwe agogo asungira nthano, kufikira Guido wa ku Arezzo anakonza njira yolembera nyimbo pa mizere, ca m'ma 1025. Poyamba nyimbo ya pa Mgonero inali yoyendera: oimba anali kuimba mau aafupi aja, wina naimba ndime ya Salimo, onse nabwerezanso mau oyamba, mpaka munthu wotsiriza atalandira. Koma m'kupita kwa zaka anthu anayamba kuopa guwa, naleka kulandira kawirikawiri, kotero kuti mu 1215 msonkhano wa ku Lateran unacita kulamula kuti Mkristu aliyense azilandira kamodzi pa caka, pa Pasaka. Popeza panalibenso mzere wa anthu oyenda, ndime za Salimo zinagwa, natsala mau aafupi okha, ngati citsa ca mtengo wodulidwa.

Amene anautsanso maimbidwewa ndi amonke a ku Solesmes, ku France, kumene Prosper Guéranger anatsegulanso nyumba ya amonke mu 1833. Iwo anafunafuna mabuku akale olembedwa pamanja, nayerekeza lina ndi linzace kuti apeze maimbidwe oyamba. Mu Novembala 1903 Papa Pius X analamula kuti maimbidwe a Gregory abwerere m'machalichi onse, ndipo mu Disembala 1905 analimbikitsa Akristu kuti azilandira Ukaristia kawirikawiri, ngakhale tsiku ndi tsiku. Cotero Kasisi anabadwa m'nyengo imene zinthu ziwirizi zinali zatsopano ngakhale ku Ulaya. Koma panali copinga cina. Lamulo la nthawi imeneyo linali lakuti wolandira asadye kapena kumwa kanthu kuyambira pakati pa usiku. Madzi analoledwa mu 1953, kusalako kunafupikitsidwa kukhala maora 3 mu 1957, ndi ora limodzi mu 1964. Munthu woyenda pansi mtunda wautali kucokera kumudzi, m'dzuwa la Okutobala, wopanda ngakhale dontho la madzi pakhosi, sanali ndi mphamvu yambiri yoimbira. Ndipo munali mu 1958 pamene Roma ananena momveka kuti nyimboyi iyambe pamene anthu ayamba kulandira, ndi kuti ndime za Salimo zikhoza kubwereramo.

Nanga maimbidwe ameneŵa ndi otani m'khutu? Onse aimba liu limodzi, popanda ena otsika ndi ena okwera monga m'makwaya a masiku ano. Mulibe ng'oma, mulibe kuomba m'manja, ndipo mulibe kugunda kobwerezabwereza kumene phazi lingatsate. Nyimbo iyenda monga ayendera malankhulidwe a munthu wamkulu pa bwalo: ifulumira pang'ono pa mau opepuka, icedwa pa mau olemera, ipuma pamene ganizo lapuma. Munthu wozolowera ng'oma akaimva koyamba ayesa ndi maliro. Koma akachera khutu nadziwa tanthauzo la mau, apeza kuti mkati mwace muli nzeru zambiri. Zitsanzo zitatu zikwanira kuonetsa ici.

Coyamba ndi nyimbo ya tsiku limene awerenga za ukwati wa ku Kana, mwezi wa Januwale, pamene cimanga ca ku Chongwe ciri kukula ndi mvula. Wopeka anatenga nkhani yonse ya pa Yohane 2 naifinya kukhala mizere yowerengeka, ndipo anapatsa munthu aliyense liu lace. Yesu polamula anyamata kuti adzaze mitsuko alankhula ndi liu lotsika ndi lodekha, monga mwini mphamvu amene safunika kupfuula. Pamene mkulu wa phwando alawa, nyimbo ilumpha mwadzidzidzi kupita pamwamba, nizungulirazungulira pamenepo, monga acitira munthu amene cinthu cokoma camdzidzimutsa pakamwa. Pomaliza wosimba nkhani atseka ndi liu wamba, kunena kuti ici cinali cizindikiro coyamba. Zonsezi zitha m'mphindi imodzi kapena ziwiri. Ndipo woimva ali pa mzere, nayenso ali pafupi kulawa. Nkhani imene anaimva ndi khutu pa Mthenga Wabwino tsopano ifika pa lilime lace.

Caciwiri ndi nyimbo ya m'nyengo ya Lenti yocokera pa Salimo 84, imene inena za mbalame zopeza malo omangapo cisa pafupi ndi guwa la Mulungu. M'Baibulo wa Cilatini imodzi ya mbalamezo ndi njiwa, imene m'cinenero cimeneco ichedwa turtur. Pa dzina limeneli wopeka anaika timau tating'ono totsekeka pakamwa, kotero kuti oimba akafikapo amveka ngati njiwa iri kulira m'mtengo masana. Mwana aliyense wa kumudzi amene anateya njiwa angathe kuzindikira cimeneci msanga kuposa munthu wophunzira wa m'tauni ya ku Ulaya. Cacitatu ndi nyimbo ya Lazaro, yocokera pa Yohane 11. Iyo iribe zokometsera konse. Pafupifupi phatikizo lirilonse la mau liri ndi liu limodzi lokha. Iyamba pansi ndi misozi ya alongo ace ndi ya Yesu, ikwera pang'onopang'ono kufikira mpfuu woitana wakufayo, ndipo itsikanso pamene iye aturuka ali womangidwa manja ndi miyendo. Wopekayo anadziwa kuti pa maliro enieni munthu sakometsera mau.

M'zitsanzozi muoneka zabwino zitatu. Coyamba, mau ndiwo mfumu, ndipo maimbidwe ndi nduna yace. Caciwiri, nyimbo ya pa Mgonero imangidwa ku tsiku lace; ya pa Pasaka singaimbidwe pa Lenti, ndipo zambiri zibwereza mau a Mthenga Wabwino wa tsiku lomwelo. Opeka akalewo anasamala dongosolo kotero kuti pa masiku a mkati mwa mlungu a Lenti anatenga Masalimo motsatana, kuyambira Salimo 1 kufikira Salimo 26. Cacitatu, mamangidwe ace oyamba, a wotsogola ndi obvomera, ndi omwewo amene anthu a kuno awadziwa ciyambire. Pa nthano ya madzulo wosimba aimba mzere wace, ana onse nabvomera mau amodzimodzi kufikira nthano ipitirira. Amai pa mtondo acita cimodzimodzi. M'mamangidwe ace nyimbo yakale ya ku Roma iri pafupi ndi bwalo la kumudzi kuposa nyimbo zambiri za m'mabuku zimene zinadza pambuyo pace.

Palinso cina cokhudza cinenero. Cinyanja ciri ndi kukwera ndi kutsika kwace kwa liu, kumene kusiyanitsa mtengo wa m'thengo ndi mtengo wa pa msika, ndipo cikoka phatikizo lotsatana ndi lomaliza. Nyimbo za ku Ulaya za ndime zoyezedwa, zimene amishoni a mipingo yonse anazitembenuza, kawirikawiri zikakamiza mau kulowa m'cikombole ca eni ace, nizigogomeza phatikizo lomaliza, kumene Mnyanja sagogomeza polankhula. Mau aturukamo opunduka. Maimbidwe a Gregory, popeza alibe muyeso wouma, atha kupindika monga mwa mau. Ndiponso Cilatini cimene ciimbidwa m'chalichi ciri ndi mavawelo asanu omwewo a Cinyanja, ndipo mau ace ambiri agogomezedwa pa malo omwewo. Ici ndico cifukwa cace ana a pa mishoni, amene Cingerezi cinali kuwapota lilime, anali kuimba Cilatini momveka bwino.

Koma apa pomwe pali bvuto lalikulu, ndipo woweruza woona sangalibise. Zokoma zonse zachulidwazi ziri m'mau, ndipo mauwo anthu sanali kuwamva. Mai wa Cisoli wogwada m'chalichi ca Kasisi mu 1935 sanadziwe kuti liu lokwera lija ndi mkulu wa phwando, kapena kuti timau tija ndi njiwa. Kwa iye zonse zinali kulira kumodzi kokoma, kwaulemu, kosadziwika. Nyimbo imene ulemerero wace wonse ndi kutumikira mau, ikaimbidwa kwa anthu osamva mauwo, yataya cimene inabadwira. Paulo Woyera anauza Akorinto kuti afuna kuimba ndi mzimu ndi nzeru zomwe. Augustine yemwe uja anaulula kuti pamene kukoma kwa liu kunamgwira mtima kuposa tanthauzo la mau, anadziyesa wocimwa. Ndipo cocititsa cisoni ndi ici: Bambo Torrend anali katswiri wa zinenero za kuno. Mu 1891 anasindikiza buku loyerekeza zinenero za anthu a kumwera kwa Africa, ndipo mu 1921 anasindikiza nthano za m'dziko lino, zimene anazitola ndi makina ojambulira mau, pamodzi ndi nyimbo zace. Munthu amene anadziwa bwino kuti anthuwa ali ndi nyimbo zao, pa guwa analibe ufulu woimba Misa koma m'Cilatini, pakuti lamulo la nthawiyo linatero.

Bvuto laciwiri litsata loyambalo. Nyimbo zosintha mlungu ndi mlungu zifuna anthu odziwa kuwerenga zizindikiro zace, okhala ndi mabuku ndi nthawi yophunzira. Cotero kuimba kunagwera m'manja mwa ocepa, aphunzitsi ndi ana a sukulu, ndipo khamu lonse linakhala cete. Kwa anthu amene pa ukwati, pa maliro ndi pa nchito aimba onse pamodzi, kukhala cete pa phwando lalikulu koposa ndi cinthu cacilendo. Asoli akasonkhana pa mwambo wao wa Chakwela Makumbi, pamene mfumu yao Nkomeshya ipempha mvula dzinja lisanayambe, ulemu ulipo waukulu, koma suletsa ng'oma kapena thupi. Amene anena kuti ulemu ukhala m'Cilatini mokha aiwala kuti makolo a kuno anadziwa kugwada ndi kuomba m'manja pamaso pa Mulungu ndi mafumu kalekale asanaone buku. Ndipo nkosabisika kuti kwa ena Cilatini cinasanduka cobvala conyadira, cosiyanitsa wophunzira ndi wosaphunzira pa khomo la Mulungu, pamene onse ayenera kulingana.

Otetezera Cilatini ali ndi yankho limodzi lolemera, ndilo umodzi. Moyo wa Adam Kozłowiecki uonetsa kulemera kwace. Iye anali Mjezuiti wa ku Poland amene anamangidwa ndi Ajeremani mu 1939, nakhala m'ndende za Auschwitz ndi Dachau kufikira 1945. Ku Dachau kunali ansembe a Cikatolika oposa 2,500 a mitundu yambiri, ndipo Cilatini ndico cinenero cimene onse anacidziwa. Mu 1946 anafika m'dziko lino nagwira nchito pa Kasisi, ndipo mu 1959 anakhala arkiepiskopi woyamba wa Lusaka. Munthu wotere, pofika pakati pa anthu amene sanadziwe cinenero cao, anapeza pa guwa mau omwewo amene anawasiya kwao. Cimeneci si cinthu cacabe, makamaka m'dziko la zinenero zambiri monga Zambia. Komabe umodzi wa anthu onena mau amodzi amene ambiri a iwo sawamva uli ngati cikomekome ca mkuyu. Ndipo Kozłowiecki yemweyo anakhala nao pa Msonkhano Waciwiri wa ku Vatican umene unatsegula khomo la zinenero za anthu, ndipo mu 1969 anatula udindo wace kuti mwana wa dziko lino, Emmanuel Milingo, alowe m'malo mwace.

Ambiri aganiza kuti Msonkhanowo unaletsa Cilatini. Sizinatero ai. Cikalata cace ca za mapemphero, ca pa 4 Disembala 1963, cinanena zinthu ziwiri pamodzi. Pa ndime 116 cinati maimbidwe a Gregory ndiwo eni ace a mapemphero a Ciroma, ndipo ayenera malo oyamba ngati zina zonse ziri zolingana. Pa ndime 119 cinati m'maiko a mishoni, kumene anthu ali ndi maimbidwe aoao, maimbidwewo alemekezedwe napatsidwe malo oyenera. Khomo linali litayamba kale kutseguka: mu 1958 ku Kamina, m'dziko la Congo, Bambo Guido Haazen ndi anyamata ace anaimba Missa Luba, mau a Cilatini pa maimbidwe ndi ng'oma za kumeneko, ndipo pa 18 Okutobala 1964, masiku 6 Zambia asanalandire ufulu, nyimbo za ku Uganda zinamveka m'chalichi ca Petro Woyera ku Roma pa tsiku lokweza Amaritiri a ku Uganda. Mu 1974 Papa Paul VI anatumizira maepiskopi onse kabuku ka nyimbo zocepa za Cilatini, Jubilate Deo, kuti Akristu onse azidziwe, ndipo caka comweco amonke a ku Solesmes anaturutsa buku la nyimbo za Misa lokonzedwa monga mwa dongosolo latsopano. Koma kuno anthu anamva ndime 119 ndi makutu onse awiri, pakuti anali ndi ludzu la zaka zambiri.

Phindu lace aliyense aliona. Chalichi conse ciimba, nkhalamba ndi ana omwe. Mai wosadziwa kuwerenga apita ku guwa akudziwa cimene pakamwa pace panena, ndipo nyimbo yomweyo aiimbanso kumunda ndi pa maliro a mnansi wace. Palibe munthu wanzeru amene angafune kulanda anthu cuma cimeneci.

Koma woweruza amene anaona zolakwa za nyimbo zakale ayenera kuonanso za zatsopano. Nyimbo zambiri za pa Mgonero za masiku ano zinena cinthu cimodzi cokha, cakuti anthu abwere adzadye, ndipo zicinena pa Lenti, pa Pasaka ndi pa Khirisimasi mosasintha. Mthenga Wabwino wa tsikulo suonekamonso. M'zina maimbidwe ndiwo abadwa poyamba, mau nawathira pambuyo monga madzi oonjezera ndiwo, kotero kuti bvuto lija la mau opunduka labweranso, tsopano ndi manja a eni cinenero. Pena kwaya iphunzira nyimbo yobvuta ya mpikisano, niiimba yokha, khamu liri kungopenya. Pamenepo kusiyana kwace ndi masiku a Cilatini nkocepa. Ndipo kumene kwafika magetsi, limba la makono ndi zokuzira mau zimiza mau a anthu, kotero kuti wobwera ku guwa sapeza kamphindi kakuti alankhule ndi Mlendo amene wamlandira. Akulu anati ng'oma yolira kwambiri sicedwa kung'ambika.

Tsono mlandu ugwa motere. Kubwezera nyimbo zonse za pa Mgonero m'Cilatini m'machalichi a ku Chongwe kukanakhala kulakwa, pakuti kukanatsekanso pakamwa pa anthu. Koma kutaya maimbidwe akalewo osaphunzirako kanthu nkulakwanso, pakuti mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Cimene ciyenera kutengedwa ndi luso lace. Wopeka nyimbo ayambe wawerenga Mthenga Wabwino wa Lamulungu limene ali kupekera, nasankhemo mzere umodzi waufupi. Aulankhule mokweza kangapo, amve pamene liu likwera ndi pamene litsika, ndipo maimbidwe atsate njira yomweyo. Mzere umenewo ukhale wobvomera wa anthu onse, wosafuna buku, pakuti munthu woyenda pa mzere manja ace ali ndi nchito ina. Ndime za Salimo aimbe mmodzi kapena awiri, zicuruke kapena zicepe monga mwa kutalika kwa mzere. Ng'oma ikhalepo, koma ilire monga mwa mayendedwe a munthu wopita kwa mfumu. Wotsiriza akalandira, nyimbo ithe, pakhale bata.

Ndipo kwaya imene iri ndi mphamvu siyenera kucita manyazi kuphunzira nyimbo ziwiri kapena zitatu za Cilatini, monga ya Kana ndi ya Lazaro, ndi kuziimba pa tsiku lace, wina atayamba wafotokozera anthu tanthauzo lace m'cinenero cao. Wopeka amene sanamvepo momwe akale anaikira njiwa m'nyimbo adzacedwa kudziwa kuti nayenso angathe kutero ndi njiwa za kwao.

Patsala funso limodzi limene a ku Chongwe okha angayankhe. Cilatini cinacoka kuti anthu amve, koma nyimbo zambiri zimene zinalowa m'malo mwace m'dera la Lusaka ndi za Cinyanja, Cibemba ndi Cingerezi. Gogo wa Cisoli amene anagwada osamva Cilatini, mdzukulu wace lero aimba ndi kumva, koma kawirikawiri m'cinenero ca anansi. Ngati mfundo ya 1963 iri yoona, ifikanso kwa Asoli ndi Alenje, amene makolo ao ndiwo analandira Bambo Torrend. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Kasisi, wa ku Chalimbana kapena wa m'midzi ya Nkomeshya amene adzatenga nkhani ya Kana, naiika m'Cisoli, napatsa Yesu liu lace ndi mkulu wa phwando liu lace, kotero kuti agogo ace amwetulire pa mzere pomva kudabwa kwa mkuluyo, ameneyo adzakhala atasunga mwambo wa Gregory kuposa munthu woloweza buku lonse la Cilatini osadziwa cimene linena.